Mango a Talandira Sadzapsa

Limbe, 14 Ogasiti

Amayi anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija likukulolani kupita kudimba? Achimwene a Mose akuti mukumakwerabe phiri kukatola nkhuni ngati mtsikana, ndiye sindikudziwa ngati mwachiradi kapena ndi makani anu aja. Ife kuno tilipo. Bambo a Talandira akusokabe nsapato pansi pa mtengo wa mango uja, ine ndikugulitsa nthochi pambali pawo. Nkhaniyi ndalemba papepala chifukwa pafoni sindikanatha kuifotokoza.

Msewu wathu akufuna kuukuza. Akuti mabasi adzakhala ndi njira yawoyawo m'mbali, yosalowamo galimoto ina, kuti anthu asamachedwe pamzere. Mwezi watha kunabwera anthu ovala zipewa zoyera ndi chingwe choyezera. Bambo a Talandira, ndi ulemu wawo uja, anasiya nsapato ya munthu n'kukawagwirira chingwecho, mpaka kuwakokera benchi kuti apume pamthunzi. Pochoka, mmodzi anatulutsa penti yofiira n'kulemba chizindikiro pa mtengo womwewo. Audula sabata yoyamba ya Seputembala.

Mwina mukuti mwana wanga wayamba kulirira mitengo. Amayi, pali chinthu chimene ndakubisirani zaka zisanu ndi zinayi.

Talandira atabadwa munatumiza uthenga kuti mchombo wake ukagwa ndiusunge, ndidzabwere nawo ku Dzoole mudzaukwirire nokha. Ine sindinamvere. Ulendo unali kutali, ndipo ndinkaopa kuusunga m'nyumba ya lendi yodzaza makoswe. Bwalo lonse ndi la simenti, choncho ndinakumba kutsogolo, m'mphepete mwa msewu, n'kuukwirira pamenepo. Pamwamba pake ndinadzalapo njere ya mango amene munatitumizira chaka chimenecho. Munandifunsa kawiri za mchombowo, kawiri konse ndinasintha nkhani. Ndikhululukireni.

Mtengowo unakula limodzi ndi mwanayo. Ankauthirira madzi otsukira mbale, ndipo ankakalipira mbuzi za eni nyumba ngati munthu wamkulu. Chimuikireni m'manda kwathuko zaka zitatu zapitazo, ine ndikakhala pansi pa mtengowu ndimamva ngati sindinamusiye yense kumeneko.

Lachiwiri anthu a msewuwo anatiitanira kumsonkhano pa sukulu yapafupi. Anapachika mapu pakhoma, anafotokoza bwinobwino, ndipo sanatinyoze ayi. Kenako anati aliyense amene ntchitoyi imukhudza anene chimene akutaya. Wina anatchula mpanda, wina khonde la golosale. Mtengo wathu unali kale papepala lawo, koma m'dzina la eni nyumba, poti malowo ndi awo. Ine ndinakhala kumbuyo kudikira kuti wina anditchule dzina, monga timachitira kwathu. Kuno satchulana, amene watsogola pakamwa ndiye wayankhula.

Atatsala pang'ono kutseka ndinadzikakamiza kuimirira. Koma Amayi, munandilera ndinu. Nkhani ya mchombo ndikanaiyamba bwanji pamaso pa azibambo odzaza kalasi? Zimenezi timanong'onezana azimayi kuseri kwa nyumba. Ndinangoti, “Mtengowo uli ndi maluwa.” Anthu anaseka, ine n'kukhala pansi.

Titatuluka ndinamutsatira mayi wina wa gulu lawolo, dzina lake Loyce, n'kumuuza zonse kumbali. Sanaseke. Anati ntchito iyenera kuyamba mvula isanagwe, ndiye kudikira mpaka Disembala kuti mango apse sikungatheke. Ndinamufunsa ngati njirayo singakhote pang'ono. Anatambasula mapu n'kundionetsa ndi chala kuti mtengowo uli pakatikati penipeni pomwe basi izidzadutsa. Kenako anandigwira dzanja nati, “Pepani mayi, ndikanakhala ndi mphamvu ndikanausiya.”

Chondipweteka kwambiri n'chakuti sindingathe n'kudana nayo njirayo. Mukukumbukira kuti tsiku lija malungo atamukwera Talandira kumutu, minibasi yathu inaima pamzere wa magalimoto kupitirira ola lathunthu, mwana akukomoka pamiyendo panga, chipatala chili chapafupi pomwepo. Njira ya mabasi ikanakhalapo nthawi imeneyo, kaya. Bambo ake amandiletsa kuganiza zimenezi, koma iwonso ndimawaona atagwira singano osasoka. Mwina njirayo idzafikitsa mwana wa wina kuchipatala msanga. Ndimadziuza choncho, koma mtima sukumva.

Chaka chino mtengowo wachita maluwa kuposa zaka zonse, njuchi zili ng'waa tsiku lonse. Palibe bango limodzi lomwe tidzadye.

Dzulo ndinakumba patsinde ndi mpeni. Ndinkadziwa kuti sindipeza kanthu, ndipo ndinapezadi mizu yokhayokha. Ndatapako dothi lodzaza manja awiri, ndamanga m'kansalu. Pambali pomwepo panamera kambande kuchokera ku njere yomwe inagwa chaka chatha. Ndakazula bwinobwino ndi dothi lake, kali m'chitini.

Pempho langa ndi limodzi. A Elia, alamu awo a bambo a Talandira, akubwera kumeneko Loweruka ku ukwati wa ku Ntchisi, ndipo avomera kudzera kwanuko. Ndawauza kuti chitinicho achinyamule pamiyendo, asachiike kumbuyo ndi katundu. Mukalandira musapatse ana kuti adzale, ndipo mbuzi za a Mose muzitchingire ndi minga.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Mose ndi alamu anga, kwa azakhali a ku Dowa Boma, ndi kwa amayi a Chigwirizano amene anandigwira pamaliro paja. Bambo a Talandira akuti moni wambiri, nsapato zanu za kutchalitchi mupatsire a Elia pobwerera adzazisoke.

Dothilo ndi kambandeko mukaike pamalo pomwe munakwirira mchombo wanga. Ine sindipadziwa, simunandiuzepo. Mukupadziwa ndinu nokha.

Tsalani bwino Amayi,
ndine mwana wanu,
Lenia