Nkhope ya Malume Ikubiriwira pa Pepala

Aphungu,

Ndine wophunzira wa pa yunivesite, ndipo kwathu ku Kachulu ndimadziwika ndi kutsutsa poyera nkhani za mizimu. Lero ndafika posowa mtendere.

Malume anga, a Fanuelo, anamira m'nyanja ya Chilwa chaka chatha. Loweruka likudzali tikuvundukula chiliza chawo, ndipo abale anandipatsa ntchito yokonza mapepala a ndondomeko ya mwambowo. Pa laputopu chithunzi chawo chinkaoneka bwino, khungu lofiirira, akumwetulira. Ndinakasindikiza mapepala makumi asanu pa shopu ina ku Songani, n'kuwalonga mu envulopu osawayang'anitsitsa.

Titawatulutsa kunyumba, oyambirira anali bwino. Otsatirawo nkhope ija inayamba kutuwa, kenako kubiriwira pang'onopang'ono. Pa pepala lomaliza masaya ali ngati ndere. Zilembo sizinasinthe n'komwe.

Akazi a malumewo, a Falida, anandandalika mapepalawo pamkeka, nati, "Umu ndi mmene ankasinthira m'madzi masiku atatu aja. Womalizayu ndi amene tinamuvuula." Akuti malemu akukana chiliza, choncho mwambo ulekeke. Ndinawayankha mwaukali kuti wakufa sayendetsa makina. Iwo anangofunsa, "Nanga wawapaka ndani, ophunzira inu?" Tsopano envulopuyo ndikuopa kuigwira. Ndichitenji?

T.P., Kachulu

A T.P.,

Pepani ndi imfa ya malume anu. Envulopuyo igwireni, mulibe mzimu.

Laputopu imapanga mitundu ndi kuwala, pomwe makina osindikizira amasakaniza inki zinayi: yakuda, yabuluu, yachikasu ndi yofiira. Khungu lathu limadalira kwambiri yofiirayo. Ikamatha, kapena potulukira pake pakatsekeka, pamatsala yabuluu ndi yachikasu, ndipo ziwirizi zikakumana zimabiriwira. Inki simatha kamodzi, n'chifukwa chake nkhopeyo inkasintha pepala ndi pepala. Zilembo zinapulumuka poti zimalembedwa ndi yakuda yokha.

Bwererani ku Songani mawa. Auzeni eni shopu atulutse pepala loyesera mitundu, mudzaona mzere wofiira uli wodukaduka. Athire inki ina ndi kutsuka potulukira pake. Kenako sindikizani pepala limodzi lokha, mukalione panja padzuwa, ndipo ena akamatuluka muzisuzumira lachikhumi lililonse.

Koma musanakwere minibasi, kapepeseni kwa a Falida. Iwo anauona mtembowo ndi maso awo, ndipo mapepala anuwo awaonetsanso kachiwiri. Musakawaphunzitse. Apempheni mupitire limodzi, pepala loyamba alilandire okha kuchokera m'makina. Akaona amuna awo atuluka ndi khungu lawo lenileni, za Loweruka adzazinena okha.

Chenjezo langa ndi ili: mapepala obiriwirawo muwatenthe onse, musatsale ndi limodzi lomwe. Padoko pepala silitayika. Wina adzakulungiramo matemba, ndipo a Falida adzakumana ndi nkhope imeneyo pamsika.

Aphungu