Mthunzi wa a Nabanda

Loweruka, nyengo ya manachesi. Lero nsanje yandidya tsiku lonse, ndisabise.

Alendo aja abweradi, anthu anayi ochokera ku Blantyre, odzakwera phiri la Thambani. Ine ndinalawirira kusesa bwalo, ndinatentha udzu wonse m'mbali mwa njira kuti paoneke poyera, manachesi anga ndinawaika bwinobwino m'majumbo.

Moni anandipatsa mwaulemu, sindinganame. Koma mayi wina ataona majumbowo anati, "Pepani mayi, mapulasitiki sitipita nawo kuphiri." Utsi wa udzu uja unawatsokomoletsa, basi n'kupitirira.

Anakaima kwa a Nabanda, oyandikana nane nyumba. A Nabanda omwewo amene ndinawaseka chaka chatha atakaniza amuna awo kuotcha makala mitengo yawo ya masuku. Alendo anakhala pamthunzipo mpaka dzuwa kufika pamutu, akuonera mbalame. Asanawajambule anayamba apempha kaye, ngati kuti a Nabanda ndi munthu wamkulu wa ku boma! Ine ndi chitenje changa chatsopanochi palibe anandipempha. Manachesi awo anagula onse, ndi dengu lomwe.

Dzuwa litapendeka a Nabanda anafika pakhomo. "Amake Chisomo, akuti abweranso ndi anzawo. Mudzabwere mudzagulitsire pamthunzi pangapa." Ndinati zikomo, koma kuseka kwanga kunali kwa mano okha.

Pamthunzi pawo! Pabwalo panga patsala zitsa zitatu za masuku, ndipo nkhwangwa imene inadula mitengoyo ndinanola ndine. Kaya masuku amatenga zaka zingati kuti akule, koma kukafunsa a Nabanda, ine ayi...