Mbaula ya a Stafford

Mbayani,
Blantyre.
21 Juni, 1987.

Okondedwa amayi anga,

Ndikulemba kalatayi masana a Lamulungu, titangoweruka ku tchalitchi. Kuno chiperoni chatigwira, lero ndi tsiku lachinayi. Mvula yake ndi ya mawawa, yosaleka, ndipo phiri la Ndirande silikuoneka n'komwe. Zala zanga zauma ndi kuzizira, ndiye mukaona zilembo zikupendama musadabwe. Ine ndili bwino, kaya inu ndi mwendo wanu uja? Mankhwala opaka ndawapatsira a Sumaili, anansi anga oyendetsa galimoto ya katundu, pamodzi ndi kalatayi. Sindinafune kuiponya ku positi, chifukwa muli mawu ena ofunika kuyenda m'thumba la munthu amene tikumudziwa. Wokuwerengerani akhale mng'ono wanga Zione yekha.

Pali nkhani imene ndiyenera kukuuzani, koma ndikati ndiilembe dzanja likumakana. Ndiloleni ndiyambire kutali, ngakhale zina mukuzidziwa kale.

Achimwene a Stafford, mwana wa aphunzitsi a ku tchalitchi kwathu, atabwera ku Tengani kudzanditenga, anati ntchito yanga idzakhala yosesa ndi kuphika tiyi pa kampani imene iwo ali injiniya ku Limbe. Zinalidi choncho chaka chathunthu. Ndinkasesa, ndinkaphika tiyi, sindinkalankhula ndi munthu, mpaka amisiri a zitsulo anandipatsa dzina loti Sisitere.

Chaka chatha tinamva pa wailesi kuti mitengo ikutha m'dziko muno, ndipo boma likufuna mainjiniya apeze njira yoti anthu a m'tauni aziphika ndi makala ochepa. Ndi zoona, amayi, mapiri a kuno ayamba kumeta mpala. A Stafford anapatsidwa ntchito yokonza mbaula yatsopano. Kunja kwake ndi chitsulo monga mbaula wamba, koma m'kati muli kamphika ka dongo kobowolabowola pansi, koti kazisunga moto. Chitsulo sichinawavute. Linawavuta ndi dongo. Akaumba m'chikombole n'kuotcha, kamphika kankang'aluka. Miyezi itatu ndinasesa zoswekazo m'mawa uliwonse, mtima ukundiwawa ngati ndikusesa mazira.

Tsiku lina ndikuwaikira tiyi, mawu anangotuluka okha. Ndinati, "Dongoli lanona kwambiri, achimwene. Likufuna mapale."

Anatembenuka ngati yalankhula ndi ketulo. "Iwe Idah, kodi uli ndi pakamwa? Tanena bwino."

Apa ndi pamene ndinalakwa koyamba. Munandiuza ndili mwana kuti kasakanizidwe kathu ka dongo sauza munthu wakunja, ndipo akazi a kutsidya kwa Shire anakunyengererani zaka zambiri osakuphulani kanthu. Koma ine ndinati a Stafford ndi athu, anakula akumwa madzi a mumtsuko mwanu. Ndinawauza zonse: kusinja mapale a miphika yakale, kusefa, kuthira mchenga wa kumtsinje, kuponda ndi mapazi, ndi kuligoneka dongolo sabata yathunthu m'masamba a nthochi. Ine ndikatapa ndi manja, iwo ankati ndithire kaye pa sikelo, n'kulemba manambala m'buku lawo lakuda.

Chinthu chimodzi chokha sanalembe. Timiphika titauma pamthunzi, ndinkatenga kamodzikamodzi n'kukagunditsa patsaya monga munandiphunzitsira. Kakazizira ndiye kuti madzi akadalimo, kadikire. Kakafunda ngati thupi la munthu, kalowe pamoto. A Stafford atandiona anaseka mpaka misozi. "Taonani Sisitere akupsopsona mbaula! Ukasowa mwamuna uzingonena, tikupezera." Amisiri onse anagwa nacho chiseko. Iwo analemba kuti masiku atatu akwana kuumitsa. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo masiku atatuwo ankakwanadi. Kuyambira pamenepo ndinkachita zimenezi iwo akapita kukadya.

Tinaotcha timiphika makumi awiri, ndipo palibe kamene kanang'aluka. A Stafford anandigwira chanza ndi manja awiri. Anati, "Mlongo wanga, dzina la amayi lidzalembedwa. Boma likavomera, timiphika tonse tidzaumbidwa kwathu ku Tengani. Mu Juni lole idzapita ndi zikombole, amayi asonkhanitse anzawo." Ndi pamene ndinakulemberani kalata yachisangalalo ija. Munandiyankha kudzera mwa Zione kuti mwapeza amayi asanu ndi atatu, kuti mwakumba dongo kudambo mpaka misana kuwawa, ndiponso kuti mapale atachepa munaswa mtsuko wanu waukulu, umene munaumba chaka chimene ndinabadwa. Kalata imeneyo ndimaisunga m'Baibulo, koma masiku ano sindikutha kuitsegula.

Lachisanu pa 12 mwezi uno panali chionetsero pabwalo la kampani. Kunabwera akuluakulu a boma ochokera ku Lilongwe, mainjiniya ambiri ovala mataye, azungu awiri ndi wojambula wa nyuzipepala. Ine anandiuza kuti ndivale nsalu ya chipani, ndigwade pakati pa mbaula ziwiri, yakale ndi yatsopano, ndiwiritse madzi kuti alendo aone yofulumira. Alendo asanafike a Stafford anandinong'oneza kuti, "Lero usandinene achimwene. Uziti bwana."

Analankhula nthawi yaitali m'Chingerezi, ndipo ndi sukulu yanga ya Sitandade 6 ndinangotolapo pang'ono. Ndinkatchera khutu kudikira dzina lanu. Kenako anatembenukira kwa amayi a chipani amene anabwera kudzaimba n'kunena m'chinenero chathu kuti, "Azimayi akumudzi amaumba mongoyerekeza, n'chifukwa chake nkhuni zikutha. Ife tayesa ndi sikelo miyezi isanu ndi inayi mpaka tapeza kasakanizidwe katsopano." Amayiwo analuluta. Madzi anga anali atawira, ndipo ndinangoyang'ana nthunzi.

Bambo wina wachikulire wa imvi, mmodzi wa alendowo, anawerama n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, iwe mbaulayi ukuiona bwanji?" Ndisanatsegule pakamwa a Stafford anati, "Ameneyu ndi wamanyazi, bwana, ndi wa tiyi chabe." Bamboyo anadikirabe, akundiyang'ana mokoma mtima. Amayi, mpata unalipo. Ndinati, "Ndi yabwino, bwana." Uku ndi kulakwa kwanga kwachiwiri, ndipo ndikumadzuka nako m'mawa uliwonse.

Lolemba nkhaniyo inatuluka m'nyuzipepala. A Sumaili ndi amene anandiwerengera pakhonde, akazi awo a Halimatu ali pomwepo. Pachithunzi panali a Stafford atanyamula mbaula, ndipo m'mphepete munali mkono wogwira ketulo.

"Mkono uwu ndikuudziwa!" anatero a Sumaili. "Mlongo, watchuka kuyambira pachigongono mpaka kuzala. Mawa tiziti moni kwa mkonowo."

"Inu werengani," anatero a Halimatu. "Nthabwala zanuzo muzikachita ku depoti."

Anawerenga akumasulira. Akuti a Stafford alembedwa m'buku la mainjiniya ovomerezeka, ndipo apita kumsonkhano kunja kukafotokoza nzeru yawo. Dzina lanu munalibe. Atafika chakumapeto anasiya, n'kuyamba kupinda nyuzipepala. Ndinawapempha kuti apitirize. Akuti boma laitanitsa mbaula mazana asanu kuti zikhale zitatha pofika chikondwerero cha pa 6 Julayi, ndipo timiphika tikuumbidwa ku Chimwankhunda kwa a Laban. A Laban amenewa ndi alamu awo a a Stafford, ntchito yawo ndi youmba njerwa.

Tsiku lotsatira ndinadikira mu ofesi mutatsala iwo okha. Ndinaima pakhomo ndi thireyi, ndipo ndinangokwanitsa mawu awiri. "Nanga amayi?"

Sanadzutse mutu. Anati, "Idah, boma silingadikire nkhalamba za ku Tengani. Mtunda ndi wautali, mafuta a galimoto ndi ovuta. Ndidzawagulira nsalu, usadandaule."

Amayi, lole ija siibwera. Ndazungulira masamba atatu kuti ndifike pamawu amenewa. Siibwera mu Juni, siibweranso mwezi wina uliwonse.

Dzulo masana a Stafford anafika kuno ku Mbayani. Galimoto anaisiya kumsewu chifukwa cha matope, ndipo anatsetsereka wapansi, nsapato zawo zonyezimira zija zitasanduka zibuma. Ananyamula katoni. M'katimo munali timiphika tiwiri, kena kootcha kong'aluka pakati, kena kosaotcha. Anati aotcha mazana awiri ku Chimwankhunda, ndipo toposa theka taphulika mu uvuni.

"Mlongo wanga," anatero, pakuti dzulo ndinakhalanso mlongo, "tatsatira buku ndendende. Mapale tathira, mchenga tathira, masiku atatu taumitsa. Unandibisira chiyani?"

Ndinangoyang'ana m'katonimo. Ndiye anatsitsa mawu. "Izi ndi za boma, Idah, ndi zachitukuko. Ukudziwa dzina limene amapatsidwa munthu wosokoneza chitukuko, ndipo ukudziwa kumene amapita." A Halimatu, amene ankachapa pafupi, anasiya chovala m'beseni n'kuima.

Ndinatenga kamphika kosaotcha kaja n'kukagunditsa patsaya. Amayi, kanali kozizira ngati madzi a pachitsime m'mamawa. Ndi chiperoni chimenechi ngakhale masabata awiri sangakwane. Ndinakasiya patsayapo nthawi yaitali, ndikuwayang'ana m'maso, koyamba chibadwire. Ndinkati mwina akumbukira.

"Tasiya zopsopsona zakozo!" anakalipa. "Ndiuze chimene chikusowa!"

Ndinakabwezera m'katoni bwinobwino, n'kunena kuti, "Zonse zimene munaziona kuti ndi nzeru munalemba, bwana."

Anachoka akunena kuti Lolemba ndikwere nawo kupita ku Chimwankhunda, apo ayi ndisadzapondenso pa kampani. Atapita a Halimatu anati, "Wawayankha bwino, mwana iwe. Khala pansi." Ndinakhaladi.

Mulungu ndi mboni, sindinawabisire kanthu. Anafunsa, ndipo ndinawaonetsa pamaso pawo. Komabe sindikunamizani, pakamwa ndinali napo, ndikanatha kunena. Lero ku tchalitchi ndalephera kuimba poganiza ngati limeneli ndi tchimo. Mwina ndi tchimo. Mawa sindipita. Mantha ndili nawo, khadi langa la chipani ndikuyenda nalo pachifuwa, koma a Sumaili akuti munthu sangapite kukadandaula kuti wasokonezedwa ndi mtsikana wa tiyi, pamene nyuzipepala inalemba kuti nzeru yonse ndi yake.

Tsopano ndili ndi zopempha. A Sumaili adzabweranso kumeneko sabata yamawa, ndipo ngati mundilola ndidzakwera nawo. Auzeni amayi aja aleke kukumba, koma chifukwa chake musanene ndinu. Amene anawalonjeza ndi ine, ndiye ndidzaima ndekha pamaso pawo, ngakhale mawu atandithawa. Dongolo musalitaye, lifunditseni masamba a nthochi. Nsalu ikabwera kuchokera kuno, muchite nayo monga mtima wanu ukuuzirani.

Mundiperekere moni kwa amake Gervazio, amene anasiya dimba lawo la mbatata chifukwa cha kalata yanga. Moni kwa amake Lackson, amene ndamva kuti anasenza dongo ali ndi khanda kumsana. Moni kwa a Cecilia ndi onse asanu otsalawo, aliyense mumutchule dzina lake. Aphunzitsi akafunsa, muwauze kuti mwana wawo ali bwino ndipo anatuluka m'nyuzipepala. Zione, ukafika pano uwerenge pang'onopang'ono, ndipo usalire pamaso pa amayi.

Mtsuko wanu sindingaubweze. Koma ngati mapale ake simunawasakanize ndi ena, ndisungireni padera. Ndidzaumba nawo wina, ndipo woyamba kuugunditsa patsaya mudzakhale inu.

Ndamaliza kulemba lero lomwe Lamulungu, nthawi ili chakuma 4 koloko madzulo, mawawa akugwabe.

Ndine mwana wanu,
Idah.