Ming'oma ya pamunda wanu yatsala mabokosi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno ku Kakumbi sitili bwino, ndipo sindikubisirani. Mwana wanu Mabvuto ali gone m'chipatala. Njovu inamuponda pamunda wanu uja, nthiti zinathyoka, ndipo madokotala akungotiuza kuti tizipemphera.

Ndiyambe ndi chokoma, poti chilipo chimodzi. Mlamu wanga Esinati, mkazi wa Mabvuto, anachira mvula itangoyamba, mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Ndi wolira ngati mmene munkanenera kuti ndinkalirira ine. Mbuzi ija ya nyanga imodzi inagwidwa ndi fisi. Denga la khitchini likudonthabe.

Mukukumbuka mpanda wa njuchi umene munazunguliza munda? Ming'oma yeniyeni inali yochepa, ndiye pakatipakati munkapachika pawaya matabwa opaka penti yachikasu. Ine ndinkaseka mpaka misozi, ndimvekere ngakhale wakhungu sangapusitsike ndi zimenezi. Inu munandikokera pa maluwa a maungu n'kundionetsa kantchentche kaja ka mizere yachikasu ngati njuchi. Maso ake a ntchentche, kuuluka kwa ntchentche, mbola kalibe, koma apumbwa ankakalambalala. Munati, "Mbalame imene inalumidwapo siyandikira kuti iwerenge mizere." Munatinso kantchentcheko sikavutika n'kufanana kwambiri, chifukwa ngongole yake imalipiridwa ndi njuchi.

Munanena zoona, Amayi. Zaka zonse zija njovu zinkafika pawaya, yaikazi yaikulu ija yong'ambika khutu n'kuimika chitamba, n'kubweza gulu lonse. Inali italawapo mbola m'maso, ndipo sinkafuna kufunsa kuti m'bokosi ili muli chiyani.

Koma chilimwe chathachi dzuwa linatentha mopanda chisoni. Dambo linauma gwa, njuchi zinasamuka mng'oma ndi mng'oma, tinatsala ndi mabokosi a akangaude. Njovu yong'ambika khutu ija nayonso inafa, akuti anaipeza cha ku Nkwali ndi msampha wa waya kumwendo. Zotsalazo ndi zazing'ono zimene sizinalumidwepo chibadwire. Ine ndinaonera pa maungu. Apumbwa a chaka chino akungotola tintchentche tija ngati mapira.

Ndinamuuza Mabvuto kuti mpandawo wafa, tisakhulupirirenso. Mukumudziwa mwana wanu, kumva kwake n'kwa mwala. Anakagula penti n'kupakanso matabwa onse, mpaka kujambula timabowo tolowera njuchi. Kunena zoona anafanana kuposa anu aja. Akuti, "Asisi, apa ngakhale ine ndikuopa kugwira." Ndinamukalipira kuti njovu siopa penti, iye n'kumangoimba mluzu.

Chimanga chitayamba kukhwima, njovu zinabwera kukucha. Esinati anaona zonse ali pakhomo, mwana ali kumbuyo. Yamphongo ina inanunkhiza bokosi, n'kuligwedeza, n'kudikira. Palibe chinatuluka. Inalithothola n'kuliponya uko, gulu lonse n'kulowa. Mabvuto anathamangira komweko ndi chitini akumenya, poganiza kuti zikadali ndi mantha aja. Chimanga sitinapezepo ngakhale chodzaza lichero.

Ndakwiya, Amayi. Ndakwiyira mvula, ndakwiyira wotchera msampha uja, ndipo Mabvuto ndamukwiyira koposa, koma ndingamukalipire bwanji munthu wopuma ngati mvukuto wobooka? Dzulo ndikumupukuta kumaso anandiitana kuti Amayi. Anthu amati ndatenga nkhope yanu, ndiye sindinamutsutse, ndinangovomera. Kenaka anandiyang'anitsitsa, n'kutembenukira kukhoma akulira.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Mukamuona akubwera kumeneko kwa akufa, musamulandire. Mumuthamangitse ngati mmene munkamuthamangitsira ku sukulu, ndi kamtengo m'manja. Inu nokha ndi amene amakumverani, ndipo mwana wake sanayambe n'kukwawa komwe.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti Esinati ndi khandali sagona ndi njala ine ndili moyo, kaya mum'bweza kaya ayi.

Ndine mwana wanu,
Agnesi