Amayi Anati Usavutike

Lachiwiri, 14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ngakhale ndamva kuti simuli bwino kwenikweni. Ine kuno ndilipo. Ndikudziwa kuti mwazindikira kale dzanja langa pa envulopu, chifukwa m'banja mwathu palibenso wina amene amalemba adiresi motsatira rula. Chonde musaing'ambe musanafike kumapeto.

Tsiku lija tinaika amayi m'manda munandiuza zinthu ziwiri pakhomo la nyumba yanu. Munati, "Usadzandiimbirenso foni, ndipo phazi lako lisadzapondenso pano." Zonse ziwirizo ndazisunga kwa zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Za kalata simunanenepo kanthu, ndiye ndalemba kalata. Panopa mukupukusa mutu kuti Ndendende sanasinthe. Dzina limenelo munandipatsa ndinu, tsiku lomwe ndinakana kudya chifukwa mbale yanga anaiika pamalo pa mbale yanu.

Alamu anadutsa kuntchito kwanga sabata yatha ndipo anandiuza za opaleshoni yanu ya pa 3 Novembala. Ndikufuna kudzakhala nanu tsiku limenelo, koma sindingabwere lamulo lanu lidakalipo. Nkhani yake ndi imeneyo. Ndiloleni ndiifotokoze mwa dongosolo langa, paja mukudziwa kuti ndikadumpha pena ndimasokonezeka.

Ndikugwirabe ntchito kosindikiza mabuku kuja. Ndimasanja masamba, kusoka, kumata zikuto ndi guluu, kenako kudula m'mphepete. Abwana amanyadira kuti buku lodutsa m'manja mwanga silisowa tsamba. Koma chaka chatha ntchitoyi inatsala pang'ono kunditayika. Anagula makina atsopano odulira mapepala, aphokoso loboola m'makutu, n'kuwaika pafupi ndi tebulo langa. Tsiku lina makinawo akulira, wailesi ikulira, kasitomala akundifunsa mafunso atatu nthawi imodzi, ndinangozindikira ndili pansi pa tebulo, manja m'makutu, ndikugwedezeka. Bambo wandevu wa zaka 36. Anzanga ena anati ndayamba kusuta chamba, ena anati misala imene ankanena kale yapsa tsopano.

Amene anandinyamula ndi mayi wa pakauntala, wolandira makasitomala. Anadikira onse atapita kukadya, n'kukhala pampando patali pang'ono osandigwira.

"Achimwene, musandikwiyire," anatero. "Mlongo wanga amachita chimodzimodzi phokoso likachuluka. Si misala ayi. Pali dokotala amene anamuthandiza, ndikulembereni tsiku limene amaona anthu?"

Dokotalayo anandiona katatu. Anandifunsa za ubwana wanga, za zovala zimene zimandiyabwa, za chifukwa chake ndimayang'ana pakamwa pa munthu osati m'maso. Pomaliza anati zimene ndili nazo dzina lake ndi otizimu. Si matenda omwera mankhwala, ndi mmene ubongo wanga unaumbidwira. Ndimamva phokoso ndi fungo kuposa anthu ena, ndipo mawu ndimawatenga mmene anenedwera. Anandifunsa ngati alipo wachibale amene anandiona ndili mwana woti amufunse zina. Ndinati alipo mmodzi, koma anandiletsa kumuimbira.

Ndi kalata ya dokotala, abwana anasamutsira tebulo langa m'kachipinda kosungira mapepala, anandigulira zotseka m'makutu, ndipo masiku ano amandilembera papepala zoti ndichite. Anaphunzira movutikira. Kale anandipatsa buku lomasuka chikuto n'kunena kuti, "Talionako ili." Ndinaliona, n'kuwabwezera.

Dokotala ananditumizanso ku kagulu kokumana Loweruka lililonse masana m'kalasi ina ya pasukulu. Tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo wotitsogolera ndi namwino wopuma pantchito. Kumeneko palibe wokukakamiza kumuyang'ana m'maso, ndipo getsi lolira la m'kalasimo amalizimitsa tisanalowe. Pali telala wina wamkazi, pali dalaivala wa lole, pali mphunzitsi wa masamu amene salankhula mpaka atafunsidwa. Achemwali, kwa nthawi yoyamba ndinakhala m'chipinda momwe wachilendo sanali ine.

Tili ndi kope limene timalembamo mawu onena zina koma otanthauza zina. Loyamba ndi "ndikubwera," limene anthu amanena akupita. Dalaivala uja anadikirapo munthu maola awiri pakhonde la sitolo chifukwa cha mawu amenewa. Lina ndi "mwaswera bwanji," limene silifuna kuti ufotokoze tsiku lako lonse kuyambira posamba. Tikamalemba timaseka mpaka misozi, chifukwa aliyense zinamugwerapo.

Loweruka lina telala anabwera ndi mawu atsopano. Anati apongozi ake akudwala anamuuza kuti asavutike kukawaona, iye sanapite, ndipo tsopano banja lonse lamutembenukira.

"Lembani amenewo," anatero namwino. "Munthu wamkulu akati musavutike, makamaka ali pabedi, nthawi zambiri amakhala akuchita manyazi kupempha. Amafuna inu muumirire."

Ine ndi amene ndinali ndi cholembera. Ndinafunsa kuti, "Ngakhale atanena kawiri?"

"Makamaka akanena kawiri."

Ndinaika cholembera pansi n'kutuluka. Ndinakhala pakhonde la kalasi mpaka msonkhano unatha, ndipo namwino anauza anzanga kuti asanditsatire.

Mukulikumbukira Lachinayi lija. Munandiimbira muli m'chipatala n'kuwapatsa amayi foni. Mawu awo anali otsika. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, ndibwere?" Iwo anati, "Iyayi mwanangu, usavutike, uli ndi ntchito. Ndili bwino." Ndinafunsanso, iwo anabwerezanso kuti usavutike. Ndinati chabwino, n'kubwerera kukasoka mabuku. Mawa lake munanditumizira uthenga woti, "Amayi akukufunsa." Ine ndinayankha kuti, "Auzeni ndili bwino." Ndinaganiza kuti akufunsa za moyo wanga. Sindinadziwe kuti akundiitana. Loweruka m'mawa anatisiya.

Uthenga umenewo udakali m'foni mwanga. Sindikudziwa ngati munawawerengera yankho langa. Ngati munawawerengera, musandiuze.

Pa maliro ndinawonjeza chilonda. Anthu anali ambiri, kulira kunali kwakukulu, aliyense akufuna kundigwira paphewa. Ndinakaima kunja kwa mpanda manja ali m'makutu, opanda msozi ndi umodzi womwe. Mutandipeza, mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwanga anali akuti pa pepala la mwambo alakwitsa chaka chimene amayi anabadwa. Anali atalakwitsadi, koma lero ndikudziwa kuti sinali nthawi yake. Munati m'chifuwa mwanga muli mwala. Ndikufuna mudziwe kuti ndinalira, koma mochedwa. Panapita masabata atatu. Linali Lamlungu, nthawi ya folo koloko masana imene amayi ankandiimbira, ndipo foni sinalire. Ndinaidikira mpaka faifi. Kenako ndinalira mpaka oyandikana nawo nyumba anagogoda.

Tsopano ndinene chimene sindinauze dokotala, kapena namwino, kapena wina aliyense. Kungakhale kosavuta kunena kuti zonse ndi otizimu, inu n'kundimvera chisoni, nkhani n'kutha. Koma mukundidziwa kuti bodza limandikanika. Amayi atati usavutike, mtima wanga unakhala pansi. Ndinasangalala, achemwali. Ndinkaopa basi ya maola asanu ndi limodzi, yothithikana, ya nyimbo zokweza. Ndinkaopa fungo la m'chipatala ndi kugona pamalo pachilendo. Mawu awo anandimasula, ndipo ndinawagwira ndi manja awiri. Tsiku lomwelo mayi wa pakauntala anandifunsa kuti, "Simupita?" Ine ndinati, "Andiletsa." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti kuyang'anako kuli ndi tanthauzo, ndipo ndikanafunsa akanandiuza. Sindinafunse chifukwa sindinafune kumva yankho. Gawo limenelo si la ubongo ayi, ndi langa, ndipo limandidya tsiku ndi tsiku.

Ndimaganizanso za inu. Munakhala nokha pambali pa bedi masiku asanu ndi anayi, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwayankha akamafunsa za ine. Ndipo sizinayambe pamenepo. Ndinu munkandiperekeza kusukulu podutsa njira yaitali chifukwa yaifupi inali ndi agalu ouwa. Ndinu munkandidulira tinsalu toyabwa ta kukhosi kwa malaya. Ndinu munamenyana ndi mnyamata wamkulu kuposa inu chifukwa ananditcha chitsiru. Munandinyamula zaka makumi atatu osadziwa dzina la katunduyo, ndipo tsiku limodzi limene munafuna kuti ine ndikunyamuleni, ndinali ndikusoka mabuku. Pepani. Sindinakupepesenipo, chifukwa pofika nthawi imene ndinamvetsa, munali mutandiletsa kale kulankhula nanu.

Apa ndi pamene mutu waima. Kope lija litandiphunzitsa za mawu a amayi, ndinayamba kukayikanso mawu anu. Mwina munanenadi zenizeni. Mwinanso anali mawu a mkwiyo, ndipo munkayembekeza kuti pakapita mwezi ndidzaimba ndithu, mudzadula foni, ndidzaimbanso, mpaka mudzayankha. Ngati zinali choncho, ndiye kuti kwa zaka ziwirizi mwakhala mukuona kukhala chete kwanga ngati umboni wa mwala uja, pamene ine ndimaganiza kuti ndikukumverani. Ndikaganiza zimenezi chakudya sichilowa.

Alamu atabwera anaima pakhomo la kachipinda kanga akuzunguza makiyi a galimoto. Anati anangodutsa, ngakhale kwanu ndi kuno ndi maola asanu ndi limodzi. Atanena za chotupa ndi tsiku la opaleshoni, ndinawafunsa ngati mwawatuma ndinu.

"Ayi, sakudziwa kuti ndabwera kuno," anatero. "Ndangoti mudziwe basi, alamu. Si nkhani yaikulu, musavutike."

Ulendo uno ndinafunsa. Ndinati, "Musavutike weniweni, kapena winayo?" Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi chala. Anati, "Ine sindingawayankhire achemwali anu. Afunseni nokha."

Ndiye ndikukufunsani. Abwana andipatsa masiku asanu. Dalaivala wa m'gulu lathu wandiuza kuti ndikwere basi yoyamba ya m'mawa, imene siimba nyimbo, ndikhale mpando wakutsogolo wa pazenera, ndivale zotseka m'makutu zanga. Namwino wandilembera mmene tsiku la opaleshoni limayendera, ola ndi ola, kuti chilichonse chisandidzidzimutse. Basi ndikuiopabe, sindinama, koma ndikwera. Mawu otonthoza sindiwadziwa, ndipo mwina ndidzanenanso china chosayenera pa nthawi yosayenera. Koma ndingathe kukhala pabenchi la panja tsiku lonse osatopa. Ndingathe kutsuka mbale, kusita mayunifolomu, kuperekeza ana kusukulu. Pa nkhani yosunga nthawi ya mankhwala, palibe namwino angandipose.

M'envulopu muno ndaikamo kapepala ndi envulopu ina yomata kale sitampa, adiresi ndalembanso ndekha. Lembani liwu limodzi lokha. Mukalemba kuti ayi, ndimva kuti ayi, ndipo sindidzakusowetsaninso mtendere, chifukwa muli ndi ufulu wonse. Mukalemba kuti bwera, ndibwera. Mukalemba kuti usavutike, ndibweranso.

Chimene ndikupempha n'chakuti musangokhala chete. Ndinafunsa kugulu kuti munthu akapanda kuyankha amatanthauza chiyani. Telala anati ndiye kuti wakana, dalaivala anati ndiye kuti akufuna uumirire, mphunzitsi wa masamu anati mwina kalata yasochera. Anakangana mpaka nthawi inatha, ndipo namwino anavomera kuti nayenso sadziwa. Tsamba limenelo m'kope mwathu ndi lopanda kanthu. Ndikalakwitsanso pamenepa, sindikudziwa kuti ndidzakhala bwanji.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo musawakalipire chifukwa chobwera kuno. Moni kwa ana awiri akuluwo, ngati akundikumbukira. Wamng'onoyo ndamuona pa chithunzi chokha m'foni ya bambo ake, ndipo ali ndi mphumi ya amayi. Ngati simunamuuzepo kuti ali ndi amalume, musamuuze kaye, dikirani muone chimene mulembe pa kapepalako. Inuyo muzidya ngakhale chilakolako palibe, ndipo mufunse adokotala mafunso onse, musachite manyazi ngati amayi.

Kuyambira Lolemba ndizipita ku positi ofesi masana aliwonse.

Ndine mlongo wanu, ngati mukulolabe,

Ndendende