Ulusi Wakana Kulowa

Lachinayi, ku Golomoti. Kwatentha, mtima uli ku Mua.

Diresi laubatizo la mwana wa a Phiri silinathe, ndipo likufunika Lamulungu. Ulusi wakana kulowa pasingano ya makina. Ndayesa kasanu ndi kawiri. Maso atha.

Ku Mua tinkasoka amayi anayi pakhonde limodzi. Tinkayamba tapemphera, kenaka n'kuvundukula makina. Ulusi ankandilowetsera anaBanda, uku akundiseka: "Aphunzitsi, munkaona wobera mayeso kumbuyo kwenikweni kwa kalasi, lero kabowo aka kakukanikani?" Wina akadwala tinkagawana nsalu zake kuti makasitomala asamuthawe.

Kuno kwa mwana wanga chipinda n'chabwino, koma iye amaswera kuntchito. "Ameni" ndimadziyankha ndekha.

Kutsidya kwa msewu kuli mayi wogulitsa zitumbuwa. Akamakazinga amayimba nyimbo za kutchalitchi kwathu. Ndamuyang'ana tsiku lonse, koma sindinawoloke. Munthu wamkulu ndikayambira pati kupempha kuti andilowetsere ulusi?

Mawa ndikagula zitumbuwa ziwiri, ngakhale kuchipatala anandiletsa zamafuta. Mwina pondikulungira adzandifunsa kwathu, ndiye ine ndidzati...