Fosholo Yagunda Phula

Thamesmead, London
Novembala

Okondedwa achimwene a Weston,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Zomba. Nanga mwendo wa amayi uja ukupola? Kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga, ndipo chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine, gasi wotenthetsera m'nyumba wakwera mtengo, timachita kumuyatsa momuopa.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve mpaka kumapeto. Ndi ya mwana wanu Etta. Mwati akufuna kusiya sukulu yake ya unamwino kumeneko, chaka chachiwiri chili pakati, kuti abwere ku koleji yaing'ono ya ku Woolwich komwe ndimaphunzitsako masiku amene sindili ku chipatala. Mwati chamukopa ndi chithunzi changa chikuzungulira pa WhatsApp chija, nditavala chitenje, fosholo kumanja, kumbuyo kuli chikwangwani cha nyumba yosanja yokongola. Lekani ndikufotokozereni za chithunzicho.

Koleji yathu ndi zipinda zochepa chabe pamwamba pa mashopu. Mkulu wathu wakale, Mayi Beatrice, anali munthu wosanyengerera koma woona mtima. Bodi yoyendetsa koleji itabweretsa mapulani omanga nyumba yatsopano ndi malo ogona ophunzira, iwo anakana, nati nthawi ya nkhondo si yomanga, zitsulo ndi simenti zitakwera chonchi. Posakhalitsa tinangomva kuti apita kukapuma. Phwando lotsanzikana kunalibe, ngakhale khadi sitinasaine. Munthu wotumikira zaka zonsezo amachoka ngati wakuba?

M'malo mwawo munalowa Dr Anderson, bambo womwetulira ngakhale akupereka uthenga wa maliro. Iwo akuti nkhondo ndi mwayi: dziko lino lidzafuna anamwino ambiri, choncho koleji ikule msanga, ophunzira achokere ku Africa. Ukawafunsa kuti kumanga kuyamba liti, akuti nkhondo yachedwetsa zitsulo. Nkhondo yomweyo ikutifulumizitsa, nkhondo yomweyonso ikutichedwetsa. Ine pamenepo mutu umaima.

Tsiku lokhazikitsa ntchito yomanga, ife a ku Africa anatiuza tivale zakwathu. Anatikweza basi mpaka cha kumtsinje, pamalo a kapinga wobiriwira bwino, n'kundipatsa fosholo yonyezimira yomangidwa riboni. Ndadziwa pambuyo pake kuti kuno mwambo wake umangogunditsa fosholo pansi n'kumwetulira wojambula. Ine palibe anandiuza. Mukukumbukira mmene bambo ankatikalipirira kumunda tikamapalasa dothi ngati nkhuku? Ndinaiponda fosholoyo ndi mphamvu zanga zonse. Achimwene, inalira kuti ngwee, mkono wonse dzanzi! Kapinga uja anatukuka ngati mphasa, pansi pake pali phula, mzere woyera woimikapo galimoto ukuoneka bwinobwino.

Anthu anaseka, Dr Anderson anaseka kuposa onse, koma dzanja lawo linandigwira pachigongono molimba n'kundibweza pamzere. Wojambula anapondaponda kapingayo ndi nsapato, tinajambulitsanso. Chimene Etta akuchiona ndi chithunzi chachiwiricho.

Mnzanga Mwila wa ku Zambia amadutsa pamalopo pa basi popita kuntchito. Akuti sabata yotsatira kapinga anali atachotsedwa, chikwangwani chitazulidwa, magalimoto ataima monga kale. Atafunsa mlonda wa pamenepo, anamuuza kuti malowo anangobwerekedwa tsiku la mwambo lija basi, za koleji iye sakuzidziwa. Mwina adzagulidwadi, sindikufuna kunamizira munthu. Koma kwathu miyala ya maziko taiona yambiri, ina mpaka lero mbuzi zimaotherapo dzuwa. Bolanso kwathu amakumbako dothi lenileni.

Chimene chikundiopsa ndi ichi. Koleji yotere ikagwa, kapena boma likailanda chilolezo, viza ya wophunzira imagwera limodzi. Etta adzabwerera wopanda pepala la kuno, kumeneko malo ake atapatsidwa wina. Chikomekome cha mkuyu, achimwene, mkati muli nyerere.

Lolemba Dr Anderson anandiitana mu ofesi. Anali ataona kuti Etta wafunsira malo, dzina lathu analizindikira, ndipo anakondwa kwambiri. Anati ndikhale chitsanzo, ndijambulitse kavidiyo ka m'Chichewa koitana ana a ku Malawi. Mwaulemu wawo uja anandikumbutsanso kuti makalasi a teremu yamawa sanagawidwe. Ndinapempha kuona chilolezo cha khonsolo chomangira nyumbayo. Anamwetulira nati zimenezo ndi za bodi. Ndinawauza kuti kavidiyoko sindijambulitsa, ndipo Etta sabwera. Pofika Lachitatu makalasi anga anali atapatsidwa wina.

Zandipweteka, sindikubisirani, chifukwa kuphunzitsa ndimakukonda. Ndikudziwanso kuti ndayankhulira mwana wanu musanandilole, pepani. Koma pempho langa ndi limodzi: musamuchotse Etta pasukulu. Amalize, atenge satifiketi yake, agwireko ntchito. Njira yofikira kuno ngati namwino ndinadutsamo ine, ndipo nthawi ikadzakwana ndidzamugwira dzanja.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze mankhwala opaka aja ndatumiza ndi munthu. Moni kwa alamu, kwa amalume, kwa achemwali ndi ana awo onse. Etta naye mumupatse moni wanga, ngakhale ndikukayika ngati aulandira. Mumuuze kuti wakana ndine, osati inu. Inu mumadya naye mbale imodzi, ine ndili kutali, mkwiyo wake ndiupirira. Akasiya kundiyankha pa foni ndimvetsa, bola m'mawa azidzuka n'kupita m'kalasi.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esnat